Chimakina Changa Chili Kuseri kwa Chigayo

Ku Joni ndinapita nditakwiya. Amalume a Yusufu, eni chigayo cha pa Lirangwe, anali atauza amayi kuti mtsikana wophunzira za makompyuta malo ake ndi pa fotokope, podikira mwamuna. Nditamva kuti kumeneko akufuna munthu wosamalira makina owerengera za sayansi, sindinapemphe maganizo a munthu. Pa Chileka amayi anandikonza mpango n'kunena kuti, “Asiyatu, usakaiwale swala, mapemphero ako.” Amalume anangoti, “Tidzaone galimoto pobwera.”

Makina amenewa si kompyuta ya pa tebulo ayi. Ndi makompyuta ambirimbiri olumikizana, osanjidwa m'mabokosi aatali, ogawana samu imodzi yaikulu ngati aganyu ogawana mizere m'munda. Akatswiri ankatumiza ntchito zawo, wina za nyengo, wina za milatho, ntchitozo n'kuima pa mzere. Yanga inali yoonetsetsa kuti makina sakutentha ndipo mzere ukuyenda. Malipiro anali abwino, sindinama, ndipo mwezi ukatha amayi ankalandira gawo lawo. Koma kusungulumwa, abale! Mwezi wa Ramadhani ndinkamasula kusala kudya ndekhandekha, foni ili pakhutu, kumvetsera mbale zikulira kwathu.

Dzinja lina mtsinje wa kwathu ku Chigaru unasefukira, nyumba ya amayi n'kugwa. Anapulumuka ndi zovala za m'thupi, n'kukakhala kwa amalume. Amalumewo anasankha malo omangapo ina, pafupi ndi yakale. Ine mtima sunakhale pansi. Ndinkafuna kudziwa kumene madzi adzadutse ulendo wina, ndipo makina odziwa kuwerengera zimenezo ndinkawapukuta ndekha fumbi. Ndinaika ntchito yanga pa mzere. Za anthu olipira zinkaidumpha tsiku ndi tsiku. Nditadandaula, bwana wanga anati, “Kamtsinje kameneko akalipirira ndani?”

Mawu amenewo amanditenthabe mpaka lero.

Kumeneko makina akakalamba amawapereka kwa wowapempha. Ndinapempha bokosi limodzi. Bwana anaseka. “Samu yakoyo imafuna masabata makina osazima. Kwanu magetsi ake ati? Ukasungiramo nkhuku.” Bokosilo anandipatsabe, ndipo ndinasiya ntchito mwezi womwewo.

Bokosilo litatuluka pa Chileka, amalume analizungulira akumwetulira. “Firiji yonseyi? Mafirizesi tiyambe mawa!” Nditawauza kuti si firiji, nkhope inagwa. Pa Lirangwe nkhani inawanda: ena abwera ndi magalimoto, mwana wa a Mariamu wabwera ndi zitsulo. Ndinkadutsa pamsika khosi lili chilili. Anene, pakamwa ndi pawo.

Magetsi amphamvu anali kuchigayo kokha, choncho ndinachita lendi kachipinda ka kuseri, mawindo n'kuwatchinga ndi nsalu kuopa ufa. Ndinayatsa. Samu inayenda bwino masiku angapo, kenako magetsi thi! Zonse zinafufutika. Ndinayambanso, anazimanso. Ndinalira, osati chifukwa cha makinawo, koma poganiza kuti bwana uja ananena zoona.

“Njerwa zapsa kale, mvula siyembekeza zitsulo zako,” amalume anatero. “Loweruka tikumba maziko.”

“Pepani amalume,” ndinayankha, “koma amayi sagonanso m'njira ya madzi. Khasu lisakhudze pamenepo.”

Sindinawayankhepo chotero chibadwire. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Nditatuluka ndinaona zimene ndinakula ndikuziona. Magetsi akazima, amayi odzagayitsa sadandaula. Aliyense amasiya thumba lake pa mzere, n'kuikapo mwala kapena chitenje, uyo wapita kumsika. Chigayo chikangolira onse amabwerera, aliyense pa malo ake. Palibe woyambiranso kumbuyo. Njira imeneyi m'makina ilimo, yoti azilemba pamene afika. Ku Joni sitinkaiganizira kwambiri, majenereta analipo. Ndinakonza kuti makina anga azilemba pafupipafupi, n'kuwagulira batire yoti azimaliza kulembako magetsi akathawa. Kuyambira pamenepo belu langa linali chigayo. Chikalira, amayi aja ku matumba awo, ine ku batani langa, samu n'kupitirira pamene inalekera.

Samuyo inatha mitambo itayamba kale kuda. Ndinaitana amalume, n'kuwaonetsa mapu. Malo awo aja anali m'madzi mpaka m'mawindo. Kumtunda, kumunda wa nandolo, kunali kouma. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kuti, “Kumtundako n'kwa miyala, okumba adula mtengo.” Kupepesa kwa amalume ndi kumeneko. Tinamanga kumtunda.

Mvula yaikulu itabwera, madzi anadzaza pamalo paja, zikhomo zimene amalume anakhoma zinapita nawo. Amayi anali pakhonde akusankha mpunga, akuonera.

Ndinapita ku Joni ndikuganiza kuti kwathu n'kumene zinthu zimaima. Ayi ndithu. Kwathu timangoika mwala pa thumba.

Bwana uja ananditumizira uthenga posachedwa, kufunsa ngati nkhuku zaikira. Ndinamujambulira mzere wa ntchito za ana a sukulu a ku Blantyre zimene zikudikira makina anga, yoyamba ili ya kamtsinje kena kamene iye sanakamvepo. Pansi pake ndinalemba kuti: kuno mzere ndimayendetsa ndine.