Mayi a Kunyumba Alowa m'Nyimbo

Bambo okonza njinga pamsika wa Thambani imvi zili mbuu kumutu, koma makutu awo ndi a mnyamata. Akamva belu la kabaza, kapena chigayo chikamatsokomola, amasiya sipanala pansi n'kutulutsa foni kuti ajambule. "Imani kaye," amatero kwa mwini njinga, "apa pali nyimbo." Akaweruka, amalumikiza maphokoso amenewo pafoni yomweyo n'kuikapo ng'oma zamagetsi, mutu ukugwedezeka.

Mayi a kunyumba kwawo safuna n'kumva komwe. Tsiku ndi tsiku amakalipa mawu omwewo: "Inu bambo a Taziona, zimitsani chiphokoso chanucho!" Tsiku lina bambowo anawajambula mobisa.

Pachinkhoswe cha Taziona, mwana wawo wamkazi, bambowo ananong'oneza woimbitsa nyimbo kuti aikepo yawo. Ng'oma zitangogunda, mawu a mayi aja anatuluka m'masipika, akubwerezabwereza: "Zimitsani! Zimitsani!" Anthu akuchimuna anayang'anana. Bambowo anaona akazi awo akudzuka pang'onopang'ono, akumanga chitenje m'chiuno. Mumtima anati lero basi, akagona kushedi ya njinga.

Koma mayiwo analowa m'bwalo n'kuthyola dansi, fumbi koboo, azimayi onse akuwatsata pambuyo.

Nyimbo itatha, anabwera ali wefuwefu n'kuwaloza chala amuna awo. "Munandijambula ndili ndi chimfine, inu. Mawa mubweretse foniyo, ndikukalipireni bwinobwino."