Tinaika mayi malume asakudziwa chifukwa cha kachizindikiro ka +

Tsoka linandigwera ine, ndipo mtima sunaphwe mpaka lero. Tinaika maliro a mayi anga mlongo wawo wa ku Dedza asakudziwa, chifukwa ndinakhulupirira ntchito ya munthu waulesi.

Ndinabadwira ku Magwegwe, kuno kudziko la eni, ku Malawi sindinapondeko. Manambala a abale akumudzi amasungidwa ndi bungwe lathu la maliro, ndipo ndilo limatumiza uthenga pakagwa zovuta. Atcheya anapatsa mkamwini wawo, wodzitcha katswiri, ntchito yokonza pulogalamu yosaka manambala pakompyuta n'kutumiza mauthenga pafoni.

Mayi atamwalira ndinamufunsa mkamwiniyo ngati malume amva. Anayankha akutafuna chingamu: "Ungakhathazeki sisi, konke kulungile," kutanthauza kuti ndisadandaule, zonse zili bwino. "Uthenga wapita." Tinadikira, mtembo uli kumotchale, malume ali zii. Ndinapsa mtima n'kuuza anthu pasiwa kuti akumudzi anatitaya kalekale. Tinaika.

Patapita miyezi, malume anamva kwa mayi wina wogulitsa zitenje, ndipo anaimba foni. "Iwe mwana, mlongo wanga mwamukwirira ngati galu, mwini mbumba ndili moyo?" Ndisanatsegule pakamwa anadula.

Mnzanga wina wokonza makompyuta pafakitale ku Donnington ndiye anaulula chinachitika. Manambala a kuno analembedwa moyamba ndi 07, ndiye amadutsa bwinobwino. A ku Malawi amayamba ndi +265. M'kasakidwe ka pulogalamuyo, chizindikiro cha + ndi lamulo loti ibwereze chomwe chili kumbuyo kwake. Kuti iwerenge + ngati + weniweni, pamafunika kuyamba ndi kamzere kopendekeka aka, \. Katswiri uja sanaike kamzereko. Pulogalamu inalephera kusaka poti kumbuyo kwa + kunalibe chobwereza, koma n'kuti iye ataikonza moti izibisa zolakwika n'kulemba kuti zatheka. Sanayesepo ngakhale nambala imodzi yakumudzi!

Nditamupitira mkamwini uja anangoti, "Ndi kanthu kakang'ono, sisi, ndakonza kale." Kakang'ono? Ndinanyoza malume pagulu alibe mlandu, iye akuti kakang'ono! Atcheya nawo amvekere tisachititsane manyazi.

Inu owerenga amene mumalemba mapulogalamu, +, kadontho ndi kanyenyezi muzizitchinga ndi kamzere kaja musanasake nazo, ndipo muziyesa ndi manambala enieni a anthu. Enanu, uthenga wa maliro musamasiyire makina. Funsani nambala, muimbe nokha mpaka mumve mawu a munthu. Ife tikukonzekera kuvundukula chiliza cha mayi, ndipo malume atumiza mawu kuti tichite tokha monga tinachitira poika.