Midzi makumi atatu ya alamu anga

Chitaganya chitangoyamba, alamu anga, aphunzitsi a ku Mua, ankafuna kufufuza mitundu ya mpunga wam'madambo. Anayenera kaye kukhutiritsa ansembe atatu oyang'anira sukulu. Tsiku lokaonana nawo ndinawapeza alamu atagwira pepala, litanyowa ndi thukuta.

"Mukanena kuti muyendera midzi ingati?" ndinafunsa.

"Isanu, alamu."

Ine wogulitsa chambo pasiteshoni ya Golomoti ndinawaseka. "Yambirani pa makumi atatu, akatsitsa okha."

Ndinakaima panja pa chipinda cha ansembe, khutu pazenera. Alamu anatchuladi makumi atatuwo.

"Mwatsimikiza?" anafunsa wansembe wamkulu.

Alamu anacheukira kuzenera. Ine ndinanyonyomala.

Ansembe sanatsitse ngakhale mudzi umodzi. Alamu anayenda wapansi chilimwe chonse, ndipo mpaka lero mlongo wanga amafunsa amene anawapusitsa amuna ake. Ndimamuthandiza kudabwa.