Utawaleza wa m'beseni langa

Alamu anga, a Ubaldina Ticona, amagulitsa tchizi pamsika wa ku Ayaviri, koma maso awo sakhala pa tchizi. Amakhala ali m'mitambo, mpaka wogula amachita kuwagwedeza phewa. Loweruka masana amasonkhanitsa ana ang'onoang'ono m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi n'kuwawerengera timabuku ta nthano. Koma iwo nthano sangoiwerenga ayi, mpaka aiyese. Buku likati duwa linamera m'nsapato ya mfumu, ana onse amadzala nyemba m'nsapato zakutha. Likati bwato la pepala linawoloka nyanja, ndimadziwiratu kuti beseni langa lochapira lisowa.

Kwathu kuno utawaleza sitiuloza. Ukauloza chala chimawola, ukauseka umakulowa m'kamwa n'kukutupitsa mimba. Ukangotuluka timatseka pakamwa n'kuyang'ana pansi. Ndiye Yesenia, kamtsikana ka zaka zisanu, anauloza ali kubusa ndi mayi ake. Anakulunga chalacho m'kansanza ka ubweya, osadya, osasewera, kumangodikira tsiku loti chithothoke. Mwanayo anandimvetsa chisoni kwambiri.

Loweruka limenelo a Ubaldina anawerenga za msodzi amene anakola utawaleza mu ukonde. Atatseka buku anaika beseni langa lodzaza madzi pakhomo, pamene dzuwa limalowera, n'kumiza theka la kagalasi m'madzimo.

"Alamu, mukufuna azimayi akuthamangitseni m'mudzi muno?" ndinawanong'oneza.

"Aa, inunso! Tagwirani beseni apa. Si lanu lomwe?"

Madzi atadekha, pakhoma loyera panatulukira mitundu ya utawaleza, ikugwedera pang'onopang'ono ngati nsalu yoyanika. Ana onse manja pakamwa. Ine ndemwe ndinasiya beseni n'kutseka panga.

"Uwu ndi wathu, taupanga tokha," anatero a Ubaldina. "Dzuwa, madzi ndi galasi, basi. Taonani ndiugwire."

Anakweza chala. Koma alamu angawo anakula ngati tonsefe, ndipo chibadwire anali asanauyang'anepo utawaleza maso ali gwa. Chalacho chinaima m'malere. Ndinaona kuti akachibweza, Yesenia sadzamasulanso kansanza kake.

Amene anadzuka ndi Yesenia yemweyo. Anamasula kansanza ndi mano n'kukaima pambali pawo.

"Aphunzitsi, dikirani. Changa chinawonongeka kale, ndiyambe ine."

Anagunditsa chala pakhoma. Chinasanduka chofiira, kenako chachikasu, kenako chobiriwira. Anachichotsa, kuchitembenuza uku ndi uku, kuchinunkhiza, n'kuchibwezeranso pomwepo. Anakhala choncho nthawi yaitali, mitundu ikusewera padzanja lake.

Kenako anagwira mkono wa alamu angawo ndi dzanja linalo.

"Suluma," anatero. "Bwerani, ndakugwirani."