Ndinathawitsa mdzukulu wanga pamzere wa katemera

Senderani kuno, inu owerenga, makamaka inu agogo anzanga amene mumasiyiridwa adzukulu. Ine pensulo sindinaigwirepo, akundilembera ndi mayi wina wa kumpingo kwathu, koma pakamwapa ndi panga, ndipo ndamuuza kuti asakometse kanthu. Ndinalakwa. Ndinabisa mdzukulu wanga kuti asabayidwe katemera wa chikuku, ndipo ndinanamiza mayi wake miyezi yambiri, maso ali gwa. Lero ndili ndi mkwiyo woti ndikusowa poutula.

Kwathu ndi kumudzi, kuseri kwa Njuli. Ndinabereka ana asanu, anayi aamuna, wamkazi mmodzi yekha, Esinati. Mukudziwa za kuno, ana aamuna amapita kuchikamwini kukakulitsa midzi ya eni. Munda umene anandisiyira amayi anga, umene agogo anga anaswa mphanje atachoka ku Mozambique, umatsata mwana wamkazi. Ndiye Esinati atabereka mwana wamkazi, Takondwa, ndinavina pabwalo mpaka mpango kugwa. Ndinati mbumba yanga yaphuka.

Ali wakhanda, Esinati ankapita naye yekha kusikelo. Akangomubaya pantchafu, mwana ankabwera thupi lili moto, bere osalifuna. Ulendo wachitatu ntchafu inatupa, kulimba ngati bango losapsa, masiku awiri akulira mukangoikhudza. Ndinayamba kudzifunsa kuti mankhwala otani odwalitsa mwana amene ali bwinobwino.

Pamjigo ndinakumana ndi amake Lusiya, aneba athu, mayi wodziwa chilichonse ngati anabadwira m'wailesi. Nditawadandaulira anaika ndowa pansi.

“Inu simudziwa? Mujakisoni mmenemo anathiramo zotseka mimba. Kakadzakula kameneko kadzangokhala chumba. Ndiye munda wanuwo adzalima ndani, anyani?”

Azimayi ena anaseka. Ine sindinaseke. Amake Lusiya anati zinamveka pafoni ya mwana wawo, munthu akulankhula ndi pakamwa pake. Mawu aja anandilowa ngati minga yakuphazi, yoti uliponse wapondapo umaimva.

Takondwa atakwana miyezi isanu ndi umodzi, Esinati anayambiranso geni yake. Amapikula tomato ndi kabichi m'madimba n'kukagulitsa ku Limbe, kunyamuka m'mawa, kubwera dzuwa litapendeka. Choncho za kusikelo anandisiyira ine, ndi buku la mwana lomwe.

Ndisaname, ndinayesa kufunsa. Sikelo ya kwathu imachitikira pakhonde la tchalitchi, azaumoyo amabwera kamodzi pamwezi. Ndinafika patebulo pa mayi wina wa yunifolomu, ndinagwada ndithu, ine wamkulu woti n'kumubereka, n'kufunsa chifukwa chimene mwana amatupira, komanso ngati zotseka mimbazo n'zoona. Mutu sanaudzutse n'komwe.

“Agogo, zapamjigo muzizisiya pamjigo. Mzerewu simukuuona? Wina abwere!”

Atsikana a pamzere, ena oti ndinawaona akubadwa, anaseka atagwira pakamwa. Ndinadzuka mawondo ali mbuu. Mumtima ndinati, wakana kuyankha ameneyu chifukwa pali chimene akubisa.

Tsopano imvani uchitsiru wanga. Kusikelo amayamba n'kumukweza mwana pa sikelo yolendewera ija, wina n'kudontheza kadontho m'buku. Mukachoka apo ndiye amakuuzani ngati mwana ali wofunika kubayidwa, n'kukulozerani mzere wina. Mwana atakwana miyezi isanu ndi inayi, azaumoyo anandiuza kuti lero ndi la katemera wa chikuku. Ndinavomera ndi mutu, ndinalandira buku, n'kuchita ngati mwana wandiipitsira kumsana. Ndinazungulira kuseri kwa tchalitchi, kudutsa m'munda wa nandolo, ulendo wa kunyumba. Ndinkati poti m'buku alembamo kale, inki ndi inki, ndani angadziwe? Sindinkadziwa kuti jakisoni aliyense ali ndi kanyumba kake patsamba lina.

Madzulo Esinati anatula dengu n'kufunsa ngati mwana wabayidwa. Ndinati eya. Anadabwa kuti thupi silinatenthe. Ndinayankha kuti, “Watengera ine ameneyu, ndi wolimba magazi.” Anaseka, anatsegula buku, anaona timadontho tikukwera phiri, anatseka. Munthu wotopa safufuza amake.

Mwezi ndi mwezi ndinkapita, kukweza mwana, kuthawa. Tsiku lina bambo wina wa zaumoyo anatembenuza tsamba n'kundifunsa kuti bwanji apa palibe kanthu. Ndinati anakabayira ku Limbe ndi amake, kumeneko ndiko anaiwala kulemba. Bodza linatuluka losalala ngati ndinabadwa nalo.

Chikuku chinalowa m'mudzi mwathu Takondwa atangoyamba kuyenda bwino. Anayamba ndi chifuwa, mamina, maso kufiira. Kenako totupa kuseri kwa makutu, kutsikira kumaso ndi pamimba. Ine ndinachidziwa pomwepo, si ndinachionapo pa ubwana wanga chikukolola ana? Koma Esinati anati, “Sichingakhale chikuku, amayi, paja anabayidwa. Ndi thukuta chabe ili.” Anagula panado n'kupita ku Limbe.

Inu owerenga, apa ndi pamene ndimafuna kudziluma ndekha. Pakamwa ndinali napo. Ndikanangoti mwana wanga, ndinakunamiza, tiyeni kuchipatala. Koma ndinachita manyazi. M'malo mwake ndinaitana amake Lusiya omwe aja. Iwo anati chikuku sapita nacho kuchipatala, akachibaya chimalowa m'kati. Tinamutsekera mwana m'nyumba, osamusambitsa, ndipo amake Lusiya anabwera ndi masamba ena, kuwatikita m'manja n'kumufinyira m'maso kuti ayere. Mwana analira kulira koti mpaka lero ndimakumva. Amene anamugwira manja ndi ine.

Masiku atatu anatha choncho. M'mawa wa tsiku lachinayi maso anakanika kutseguka, mafinya okhaokha, kupuma kuli befubefu ngati kamwanapiye konyowa. Esinati sanafunsenso munthu. Anamubereka, tinakwera kabaza mpaka kumsewu, minibasi mpaka kuchipatala cha ku Boma.

Adokotala anamuyang'ana mwana, anatsegula buku, n'kufunsa ngati analandira katemera wa chikuku. Esinati anayankha molimba mtima kuti eya, agogo akewa ndiwo anapita naye. Adokotala anatembenuza buku n'kumuonetsa ndi chala pamalo popanda kanthu. Esinati anawerenga yekha. Kenako anandiyang'ana. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangoti, “Amayi?” Ndinakhala pansi pa simenti n'kuulula zonse, za kuseri kwa tchalitchi ndi za masamba omwe.

Mwana atamugoneka ndi kumuika mapaipi, adokotala aja anandipeza pabenchi panja. Ndinkadikira kutukwanidwa. Koma anakhala pambali panga n'kufunsa kuti, “Agogo, chimene munkaopa n'chiyani kwenikweni?” Ndinawauza. Anati kutentha thupi ndi kutupa pang'ono zimachitika, ndi thupi likuphunzira kumenyana ndi matenda, ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Zikapitirira, kapena mwana akakomoka, mumabwera naye msanga, osabisa. Anati ana awo omwe amabayidwa katemera yemweyo. Kenako anandifunsa ngati Esinati ndinkapita naye kusikelo ali mwana. Ndinati eya, chipsera chili paphewa mpaka lero.

“Nanga ngati katemera amatseka mimba, Takondwa anam'bereka ndani?”

Yankho linali m'nyumba mwanga momwe, likudya nane mbale imodzi, ine n'kumakalifuna pamjigo. Kufotokoza konseko sikunatenge nthawi yoposa yodzaza ndowa imodzi. Ndowa imodzi, abale! Ndi imene anandimana mayi wa yunifolomu uja.

Ndiye ndili ndi mawu. Inu a zaumoyo, tikudziwa kuti mizere ndi yaitali ndipo mumatopa. Koma nkhalamba ikagwada n'kufunsa, ngakhale funso likhale lopusa, iyankheni. Mukatiseka sitisiya kuopa ayi, timangopita kukafunsa kwa amene satiseka, ndipo amenewo ndi amene amatiponya m'dzenje. Inunso a mapakamwa otalika, amene mumatola nkhani pafoni n'kumaitaya pamjigo ngati makoko a nzimbe, dziwani kuti pali wina amene amaitola n'kupita nayo kunyumba.

Koma waukulu mlandu ndi wanga. Kuopa si tchimo, mwana ndi wako, uyenera kufunsa chimene akumuthira m'thupi. Tchimo langa n'loti ndinafunsa kamodzi, munthu mmodzi, n'kukwiya. Akakukanizani uyu, pitani kwa uyo. Ngati simudziwa kuwerenga ngati ine, perekani bukulo kwa wodziwa akuuzeni chimene chalembedwa ndi chimene chikusowa. Ndipo mwana wa mwana wanu si wanu nokha. Ngati muli ndi mantha auzeni makolo ake masana dzuwa likuswa mtengo, mukangane, osati kuweruza nokha kuseri. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anga anagonera n'kusasa.

Mwina mukufuna kudziwa kuti anthuwa ali kuti lero. Mayi wa yunifolomu uja anamusamutsira kwina, sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli ine. Amake Lusiya alipo, akutunga madzi ndi kulankhula monga kale. Ndinadzamva kuti adzukulu awo onse anabayidwa, palibe anaphonya ngakhale kamodzi. Nditawafunsa anati, “Aa, inenso ndinkangocheza, inu munatengeranji pamtima?” Kuyambira tsiku limenelo sitipatsana moni.

Esinati geni ya ku Limbe anaisiya, amagulitsa pamsewu pa Njuli pomwepa kuti mwana azikhala naye pafupi. Anaberekanso wina wamwamuna, ndipo buku lake amasunga m'chikwama chokiya. Amandipatsa ulemu, ndiwo amanditumizira, koma mwana sandisiyira ngakhale popita kudambo.

Takondwa anachira chifuwa patatha masabata awiri. Diso lakumanja linapulumuka. Lakumanzere linachita mtambo woyera, ndipo adokotala anati silidzaonanso. Akafuna kuona chinthu amapendeketsa mutu. Amandikondabe, akandiona amathamanga n'kudzandikumbatira miyendo. Tsiku lina anzake atamuseka anabwera kudzandifunsa kuti, “Agogo, diso langali linatani?” Ndinayang'ana amake. Esinati anati, “Akadzakula mudzamuuza ndinu, amayi. Ine sindikunamirani.”

Chaka chamawa ayamba sukulu.