Miphika Iwiri ya Mayi Ursule

Aliyense wa kuno ku chilumba cha Rodrigues akudziwa kuti pakhomo pa Mayi Ursule Tolbize pamakhala miphika iwiri. Wakutsogolo ndi wa alendo, aja obwera pa ndege kudzawotcha misana pamchenga. Mumakhala zuriti wofewa, ndiwo yathu ya m'nyanja, anyezi wambiri, tsabola wongonunkhiza. Wakuseri, wakuda bii ndi mwaye, ndi wa eni nthaka: zuriti wouma wa pachingwe, mandimu, ndi katsabola kathu kaja koti ukangokaluma makutu amalira. Alendo saudziwa n'komwe mphika umenewo, ndipo n'zabwino, tingaike maliro.

Mayiwa sanabadwe ophika ayi. Anakulira m'madzi olekeza m'mawondo, nthungo yachitsulo m'manja, kusaka zuriti m'mapanga a miyala nyanja ikaphwa. Chinyama cha miyendo isanu ndi itatu chimenechi ndicho chinawalerera ana, chinafolera nyumba malata, kenaka n'kuwathera mawondo. Madzi atawakana, analumikiza matebulo pakhonde n'kuyamba kudyetsa alendo. Kwawo kulibe zosankha. Ukafika umakhala pamene pali mpando, pafupi ndi munthu yemwe sunamuonepo, n'kudya zimene zapsa. Mzungu wina atafunsa tchipisi anamulozera msewu wa ku hotela, amvekere basi sichedwa.

Mwana wawo wachisamba, Gervais, anachoka kalekale. Anayamba ndi kuperekera zakudya m'mahotela a ku Mauritius, kenaka pa sitima zapamadzi, mpaka anakathera ku Italy komwe anakwatira mkazi dzina lake Nunzia. Ukwatiwo amayi anauonera pafoni. Ndiye chaka chatha Gervais anaimba kuti akubwera kutchuthi ndi mkazi wake, sabata yomwe amatsegulira kusaka zuriti miyezi yoletsa ikatha.

Koma abale, chimkuwo cha mayiwo! Mbuzi za aneba zinatsala pang'ono kudula zingwe. Pofika madzulo, dera lonse linali litamva, ngakhale kondakitala wa basi anauzidwa kawiri. Komatu nkhaniyo inali ndi munga. Gervais anati apeza kale chipinda ku hotela, ndipo anapempha kuti Lachisanu masana amusungire mipando iwiri pakhonde, ndendende mmene amapemphera alendo. Zinawapweteka Mayi Ursule. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye mwana wawo akakhala mlendo adzamuonanso liti?

Apa ndi pomwe inavuta nkhani ya mphika. Amuna awo, a Wilfrid, munthu woseka ngakhale bwato likudontha, anati palibe chovuta apa.

"Make Gervais, mwana munamuyamwitsa nokha, lero mukumuopa?"

Mayiwo anawayankha kuti akhale chete, za mphika sazidziwa, amangodziwa kutsegula pakamwa. Mwanayo wazolowera zakudya zachizungu, m'mimba mwake munafewa. Nanga mpongozi? Mzungu uja akangolira ndi tsabola tsiku loyamba, adzanyamula mwamuna wake n'kupita naye, osadzabweranso. Ayi, aphika wakutsogolo, koma auphika mwakuti ku Italy akausimbe.

Tsiku lotsegulira, a Wilfrid anadzuka n'kupeza nthungo kuseri kwa chitseko kulibe. Mayi aja, mawondo omwe amadandaula nawo tsiku lililonse aja, anali kale m'madzi pamodzi ndi chilumba chonse. Kunali anthu kumeneko! Amayi zipewa zamlaza kumutu, ena akuitanizana, ena akutukwana miyala yoterera, wina akagwira wamkulu onse mfuu. Anzawo akale anawaseka kuti agogo abwerera ku usitsikana. Iwo maso anali pa kaphanga kena komwe pakhomo pake panali zigoba za nkhanu zatsopano. Anapisa nthungo, miyendo ija inawakulunga mkono mpaka m'phewa, anakoka, n'kutuluka naye zuriti wonenepa woti atsikana anaombera m'manja. Pobwerera ankatsimphina, koma akuimba.

Lachisanu khonde linadzaza. Panali Majeremani ofiira ngati nkhanu zophika, ndi banja latsopano la ku chilumba cha Réunion lomwe linkangogwirana manja pansi pa tebulo. Galimoto ya ku hotela itaima, Mayi Ursule anathamanga chipande chili m'manja. Gervais ananenepa, wadazi, kabudula wamaluwa, koma kasekedwe n'komweko. Anamukumbatira, anamukalipira, anamukumbatiranso. Nunzia anali kamayi kochepa thupi kolankhula ndi manja, ndipo anawapsompsona apongozi ake masaya onse awiri. Kenaka awiriwo anakakhala pamipando yawo pakati pa alendo, ndipo mtima wa mayi uja unachita kuwawa pang'ono.

Mbale zinatuluka: mpunga wosakaniza ndi chimanga, nyemba zofiira, ndi zuriti uja akunyezimira mumsuzi. Mafoni anayamba kujambula. Majeremani anatseka maso, n'kumagwedeza mitu kuti chikhalire sanalawe zotere. Mayi Ursule zimenezo analibe nazo ntchito, anaima pakhomo la kukhitchini maso ali pa supuni ya mwana wawo. Gervais anadya kamodzi, kawiri, n'kuika supuni pansi. Ndipo apo pomwe, mayiwo anaona mpongozi akutsegula kachikwama pamiyendo, n'kutulutsa tsabola wouma wofiira, n'kumufikisira m'mbale mobisa ngati mwana wakuba shuga. A Wilfrid anaonanso, ndipo anatsamwa ndi phwete.

Gervais anadzuka, anafika pakhomo paja, n'kulankhula chapansipansi.

"Amayi, ndinakulakwirani chiyani? Ulendo wonsewu, mundipatse za kutsogolo?"

Ndiye mwanayo anakhuthula zonse. Anati chikwatirire wakhala akumusimbira Nunzia za mphika wakuseri, chifukwa kwawo kwa mkaziyo, kumwera kwa Italy, tsabola amayenda naye m'thumba, ndipo m'nyumba mwawo mkangano wake sutha woti tsabola woopsa ndi wa kwa ndani. Anati m'ndege monse malovu anali chuchuchu. Za hotela, anati anachita manyazi basi. Munthu wosowa zaka zonsezi, wongotumiza zithunzi, angangofika n'kufunsa pogona?

"Chitsiru cha mwana," anatero Mayi Ursule, misozi ili mbwembwembwe. "Manyazi ndi ine? Tenga mkazi wakoyo, tiye kuseri."

Alendo anawasiyira a Wilfrid, amene anayamba kuwasimbira mabodza awo a shaki, nsomba yolusa ija. Kuseriko mphika wakuda uja unali ukubwadamuka kale, pakuti a Wilfrid anali atautereka okha m'mawa, ati iwo zakudya za odwala sadya. Panalibe tebulo, panalibe nsalu. Gervais anakhala pamtondo wovundikira pomwe ankakhala ali mwana, Nunzia pa chidebe, mbale zazitsulo pamiyendo.

Nunzia anadya supuni yoyamba. Nkhope inafiira, thukuta kamukamu, mphuno inayamba kudontha. Anadzikupiza pakamwa ndi dzanja, n'kunena mawu ambirimbiri achikwawo akuloza kumwamba. Mayi Ursule anagwira kale kapu ya madzi, mtima uli m'malere, akuti basi, mpongozi uja wapita. Koma mkaziyo anakankha kapuyo, anapukuta misozi ndi mkono, n'kutambasula mbale kuti amuwonjezere. Gervais anamasulira akuseka kuti akuti wagonja, koma asakauze amayi ake ku Italy.

Apo Mayi Ursule anaimba nthungululu yoti Majeremani pakhonde anadzidzimuka. Anamuthirira mpongozi chipande chodzaza, anamukalipira Gervais kuti asiye kukokota nkhoko za mpunga yekha ngati kulibe anzake, n'kumuuza kuti akangomaliza akwere basi akatenge masutikesi ku hotela kuja asanawakwiyitse. Kenaka anasuzumira pakhonde.

"Bambo a Gervais, siyani mabodzawo. Katulutseni matumba a chimanga m'chipinda cha mwana."

A Wilfrid sanadzuke n'komwe. Anati matumbawo anatulutsa Lolemba, ndipo bedi anayala kale.