Bere la Kumanja

Mwana wanga woyamba anabadwa ali ndi maganizo akeake pa nkhani ya mabere. La kumanzere ankalikonda. La kumanja sankafuna n'kuliona komwe. Ndikamuyandikiza ankapotoza khosi, n'kutseka pakamwa ngati akumumwetsa mankhwala owawa, ndipo ndikaumirira ankalira mpaka nkhope yonse kufiira. Ndikangomutembenuzira kumanzere, phee, wayamba kumeza.

Mabere onsewo anali anga, mkaka wake umodzimodzi. Ndinafinyira pa chala n'kulawa, uku ndi uku. Sindinamve kusiyana.

Tinkakhala ku Magomeni, m'nyumba ya zipinda zambiri yokhala ndi mpata wautali pakati, mabanja angapo, bafa limodzi kuseri. Ife tinali ndi zipinda ziwiri, china changa ndi amuna anga, china cha agogo. Agogo ndi amene anandilera, chifukwa mayi anga anamwalira ine ndisanayambe kuyenda. Anabwera ku Dar es Salaam ali mtsikana, kutsatira agogo aamuna amene ankagwira ntchito kudoko, ndipo kumudzi sanabwerereko. Nditawafunsa chochita, anati iwo anayamwitsa kalekale, anaiwala, ndipo nthawi yawo ana sankasankha, ankayamwa chimene apeza. Anamuyang'ana mwanayo kwa kanthawi n'kunena kuti watengera kuchimuna, anthu osankha ndiwo.

Bere lokanidwalo linayamba kutupa. Linauma gwa ngati papaya wosapsa, khungu lake kunyezimira, kutentha. Diresi iliyonse inkapendekera mbali imodzi. Ndikafinya ndi dzanja ankangotuluka madontho, ululu wake mpaka kukhwapa. Kunyamula ndowa sindinkatha, ngakhale kukweza mkono kuti ndipese tsitsi.

Malangizo sanasowe. Mayi mwini nyumba, Mtanzania wachifundo kwambiri, atamva kuti pali vuto la kuyamwitsa sanadikire kumva kuti vuto lake ndi lotani. M'mawa uliwonse ankabwera ndi phala lamadzimadzi lothira tsabola wakuda, madzulo msuzi wa pweza, kanyama ka m'nyanja ka miyendo yambirimbiri kaja, ati mkaka ubwere. Amayi a kutchalitchi kwathu, Amalawi anzathu, atamva kuti ndikumwetsedwa za Chiswahili anakhumudwa. Anabwera ndi chinangwa chachiwisi, thobwa m'zigubu, ndi mpunga wonyika m'madzi, ati izi ndiye zimatsitsa mkaka kwathu. Ine vuto langa linali mkaka wochuluka wosowa kolowera. Ndinayesa kunena kamodzi, koma mawu anga ndi otsika chibadwire, ndipo amayiwo anali mkati motsutsana za pweza, ngati Mkhristu angadye chinthu chopanda nkhope. Ndinadya zonse, za mbali zonse ziwiri, kuti pasakhale wodandaula. Bere linapitiriza kukula.

Tsiku la sikelo linafika. Ndinkapita ku chipatala cha ku Ilala, komwe ndinachirira. Mwana analemera bwino, bere limodzi linkamukwanira. Koma anamwino ataona mmene ndinakhalira pa benchi, phewa limodzi m'mwamba, anandiuza kuti nditsegule. Anakhudza, ine n'kudumpha. Anati ndizithowa ndi nsalu yofunda n'kumafinya, koma wochotsa mkaka weniweni ndi mwana. Akapanda kuyamwa, m'kati mupanga chithupsa, ndipo chikapsa palibe njira ina koma kung'amba. Anandiuza kuti ndibwerenso sabata ya mawa adzaone. Mawu oti kung'amba ananena akulemba, osandiyang'ana, ndipo ndinatuluka nawo mawuwo mpaka pa siteji.

Inali nthawi yoweruka, daladala, maminibasi a kuno, zonse zodzaza. Ndinapeza malo pa mpando wa kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera la kumanja. Kumanzere kwanga kunakhala mayi wina wathupi, ali ndi beseni lalikulu la nthochi zophika pamiyendo, ndipo theka la besenilo linali pa maondo anga. Mkono wanga wa kumanzere unapanikizika pansi pa phewa lake. Titangonyamuka mwana anayamba kulira. M'daladala mwana akalira amakhala wa aliyense. Bambo wina woimirira anati ndimuyamwitse, mayi wa kutsogolo anabwereza, kondakitala nayenso anaponyapo mawu ali pakhomo. Ine bere la kumanzere linali kuseri kwa nthochi, mwini wake osalifikira. Pamiyendo panalibe malo. Ndinamutsetsereza mwana kumbali ya zenera, thupi lake m'khwapa mwanga, timiyendo kumbuyo, mutu m'dzanja langa, n'kutulutsa lokhalo limene ndikanatha kutulutsa. Ndinkangofuna kuti anthu aone kuti ndayesa.

Analigwira. Anayamwa ngati sanayambe wadanapo nalo. Ululu unali woopsa poyamba, kenako ndinamva ngati mfundo ikumasuka pang'onopang'ono. Ndinkaopa kupuma. Tinafika pa siteji yanga ya ku Magomeni iye akadayamwa, ndipo sindinatsike. Ndinapitirira mpaka kumathero a ulendo, dera limene ndinali ndisanafikeko, n'kukwera ina yobwerera.

Kunyumba ndinamuika ku bere lomwelo, nditakhala bwinobwino pa bedi, nditamugoneka pamiyendo monga mwa masiku onse. Anapotoza khosi.

Amuna anga amaphika m'nyumba ya anthu ena ku Msasani, ndipo amakhulupirira kuti chilichonse chili ndi kaphikidwe kake. Atamva nkhaniyo anati mwanayu akufuna kuyenda, basi. M'mawa mwake anaitana bajaji, kanjinga ka matayala atatu kaja, kuti itizungulitse. Ndinakhala ndekha pa mpando wonse, mphepo ikuwomba bwino. Mwana anakana. Woyendetsa anatipititsa dala mu msewu wa maenje, akutiyang'ana pa kagalasi ndi chidwi, koma mwana anangolira mwa kudumphadumpha. Tinayesa daladala ya masana, yopanda anthu. Anakananso. Madzulo ndinakwera yodzaza, kumbuyo, pa zenera la kumanja, ndipo anayamwa.

Ndiye moyo wanga unakhala wotero. M'mawa anthu akamathamangira ku ntchito, ine ndinkathamangira nawo, mwana kumsana, popanda kumene ndikupita. Madzulo chimodzimodzi. Ndinkasiya dala daladala zokhala ndi malo, n'kumadikira yodzaza, ndipo ena akandipatsa mpando wabwino wa kutsogolo chifukwa cha khanda, ndinkathokoza n'kudzikankhira kumbuyo, anthu akundiyang'ana ngati wozungulira mutu. Kondakitala wina, bambo wa imvi za m'ndevu, anafika pondizolowera. Ankati ndikangotulukira, n'kuuza okwera a kumbuyo kuti asendere, hotela ya mwana yafika. Sanandifunsepo chifukwa chake ndimafika ku Ilala n'kusatsika.

Koma kawiri pa tsiku sikunali kokwanira. Pakati pa maulendowo bere linkadzazanso, ndipo pansi pake panatsala kamwala kamene sikankachoka, kofiira pamwamba. Tsiku lina ndinamva kuzizira dzuwa likuswa mtengo, m'Dar es Salaam muno. Ndiye kunabwera Loweruka ndi Lamlungu, masiku amene daladala sizidzaza bwino, tsiku lobwerera kwa anamwino likuyandikira.

Lamlungu titachoka ku tchalitchi, amuna anga anavula jekete n'kunena kuti ngati mwana akufuna daladala, daladala ibwera m'nyumba. Anati iwo aganiza mofatsa, ndipo daladala ili ndi zinthu zinayi: kugwedezeka, phokoso, fungo, ndi kondakitala. Anabwereka wailesi kwa mwini nyumba n'kuitsegula mpaka kumapeto. Anakatenga kansanza ka dizilo kwa makanika wa pa ngodya, koma ndinawapempha kuti kakhale pakhomo, kasayandikire mwana. Anandikhazika pa bedi, iwo n'kugwira kumiyendo kwake, kuyamba kugwedeza. Ndi dzanja lina ankamenya kabati, akukuwa mayina a masiteji, kuyambira Magomeni mpaka Ilala, osadumpha ndi imodzi yomwe. Ndi munthu waulemu, wa mawu ofatsa, woimba nawo kwaya. Thukuta linali kamukamu pa malaya a ku tchalitchi.

Mwana anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Kenako anayang'ana bere, n'kupotoza khosi.

Anthu a m'nyumbamo anali atadzaza mu mpata. Mwini nyumba anasuzumira n'kufunsa, nkhope ili bwinobwino, ngati galimotoyi ikudutsa ku msika, chifukwa anali ndi zogula. Ine ndinkafuna kulira, koma bedi linkagwedezeka kwambiri moti sizikanatheka.

Agogo nthawi yonseyi anali ataima pakhomo la chipinda chawo, manja kumbuyo. Sankaoneka kuti akumvera chisoni aliyense. Chimene chinkawavuta chinali ntchito yosalongosoka.

"Akamwini, daladala yanuyi ndi ya kuti?" anafunsa.

"Ya ku Ilala, agogo."

"Ya ku Ilala yokwera munthu mmodzi? Mudya chiyani? Imani ndikwere."

Amuna anga anaimitsadi bedi. Agogo analowa m'chipinda chawo n'kutuluka atavala nsapato, atanyamula beseni la zovala zosachapa, poti munthu sakwera daladala chimanjamanja. Anakhala kumanzere kwanga, n'kundiuza mu Chiswahili, ndi mawu a munthu wosandidziwa, kuti ndisendere. Ndinasendera. Anati ndisenderenso. Anandikankha ndi chiuno mpaka phewa langa la kumanja linagunda khoma, beseni n'kulitsamiritsa pa maondo anga. Kenako anauza dalaivala kuti atha kunyamuka, koma ayendetse bwino, muli okalamba.

Mkono wa kumanzere unali utapita. Pamiyendo panalibe malo. Ndinamutsetsereza mwana m'khwapa, timiyendo kukhoma, ndipo analigwira.

Mu mpata monse munali zii, kupatula wailesi. Amuna anga anapitiriza kugwedeza ndi kuitana masiteji motsitsa mawu, kuopa kuti galimoto ikaima mwana asiya. Agogo ankayang'ana kutsogolo, kukhoma lopanda kanthu, ngati munthu amene ali pa ulendo ndithu. Titafika ku Ilala anati iwo satsika, abwerera nayo.

Madzulo a tsiku lotsatira panali kukambirana. Amuna anga anati zinthu zinali zisanu, iwo anaiwala okwera. Mwini nyumba anati pweza wayamba kugwira ntchito. Agogo anati zonsezo n'zachabe, mwanayu amafuna iwo, ndipo umboni wake ndi wakuti m'mawa wa tsikulo anayamwanso popanda wailesi, popanda dizilo, dalaivala ali ku Msasani, iwo okha ndi beseni lawo.

Ine ndinali nditaona china. Pomuyang'ana kuchokera pamwamba, ndinazindikira kuti m'khwapa muja mwana ankagonera mbali yake ya kumanja, yomweyo imene amagonera akamayamwa bere la kumanzere. Nkhondo yake sinali ndi bere. Sankafuna kugonera kumanzere, basi. Agogo atapita kukasamba ndinatseka chitseko, n'kuika pilo pambali panga, kumugoneka mwana pamenepo, timiyendo kumbuyo. Anayamwa mpaka kugona, m'chipinda mopanda wokwera wina aliyense.

Ndinabweza pilo pamalo pake agogo asanatuluke m'bafa.

Kuyambira pamenepo mwana akangoyamba kulira, ndinkamva nsapato zikukwekwereza mu mpata. Agogo ankabwera ndi beseni, kundiuza kuti ndisendere, n'kukhala. Thupi lawo linali lopepuka kuposa mmene ndinkaganizira, mafupa okhaokha ndi fungo la sopo wochapira, koma ankakankha ndi mtima wonse. Nthawi zina ankawodzera, mutu n'kugwera pa phewa langa, ndipo ndinkakhala chomwecho ngakhale mwana atamaliza kale. Kamwala kaja kanayamba kuchepa, kufiira n'kuzilala, kuzizira kuja osabweranso.

Tsiku lobwerera ku chipatala agogo anaumirira kupita nawo. Anamwino anakhudza pamwamba, pansi, kukhwapa, ine osadumpha. Anati bere lafewa, palibe chong'amba, ndipo anafunsa kuti ndinachita bwanji kuti mwana alilole. Ndisanatsegule pakamwa agogo anayankha kuti amachita kukhalapo iwo, nthawi iliyonse, ndipo ntchitoyo ndi yotopetsa kwa munthu wa msinkhu wawo. Anamwino anandiyang'ana kuti ndifotokoze. Ndinati ndi zoona, amakhalapo.